Dzira, Phazi la Nkhuku ndi Mfuti ya Anganga

Lolemba

Ndaitsitsa! Mfuti ya anganga yatsika kudenga lero, ili m'chikopa chake cha mbuzi chomwe chija. Mwaye m'maso, mwaye m'mphuno. Palibe kanthu.

Ndi kamfuti kafupi, ka m'manja, kokhala ndi kang'oma pakati momwe ankalongamo zipolopolo. Kang'omako kanasiya kuzungulira Azungu asanachoke. M'mabowo mwake mavu anamangamo, anabereka, ana awo anakwatiwira momwemo. Kuwombera sikawombera. Ngakhale nkhuku sizikaopa.

Koma nkhani yake! Pamudzi pano ine ndine mkamwini, ndipo ndinabwera ndi zinthu ziwiri zokha: mfutiyi ndi nkhani yake. Munda ndi wa akazi anga, amake Esinati. Mango ndi a amake Esinati. Nkhani ndi yanga. Momwe anganga anga, pothawa chibalo cha Apwitikizi, anabisala m'bango n'kulanda mfuti ya msilikali yemwe ankasamba padoko, thupi lonse pamtunda koma chipewa chili kumutu. Ndainena pamaliro, pazikwati, pamowa, pamzere wa fetereza. Ana amagwirana pamene anganga ali m'bango. Akulu amagwa ndi phwete pa chipewa.

Munthu mmodzi saseka: alamu anga a Namakhwa, achimwene awo a amake Esinati. Iwo ndi mawu amodzi chikwatirireni ine: "Mfuti imeneyo bambo anu anaigula kwa kuki wa ku esiteti ya tiyi, ndi mbuzi yotsimphina." Kukiyo sanamuonepo. Mbuziyo sanaionepo.

Tsono nkhani yafika pena. A Gondwe, kalaliki wa pa Boma uja wochokera kumpoto, anandimva ndikusimba pamaliro kwa Mkhumba. Ati ku Mulanje kuli mzungu wokalamba, wobadwira konkuno, amene amasonkhanitsa mfuti zakale. Anthu amati Abwana Magalasi. Ati mfuti iliyonse ili ndi mphini zake ngati amayi akale: wopanga amadinda chizindikiro chake, boma logula limadinda chake, ndipo abwanawo akangoyang'ana amadziwa kwawo kwa mfuti. Abwera Loweruka. Pano. Pakhomo panga! (Pa amake Esinati. Koma abwera kwa ine.)

Zimene a Gondwe andiphunzitsa:
- kaphazi ka nkhuku, timizere tokumana pamwamba: boma la Angerezi. Ndiye kuti esiteti. Ndiye kuti alamu.
- kadzira, m'kati muli zilembo ndi kanyenyezi: dziko lomwe Apwitikizi ankagulako zawo. Ndiye kuti anganga. Ndiye kuti ine.
- chisoti chachifumu: chimapezeka uku ndi uku, sichithandiza munthu.
- dzira lomwelo nalo lili mitundu, lina lovala chisoti, lina lopanda, malinga ndi zaka. Ati Azungu amakangana pa zimenezi mpaka kusiya kupatsana moni. Ndiye kuti si ife tokha.

Tayang'ana pansi pa dzimbiri ine ndi alamu, mitu kugundana. Pafupi ndi kang'oma pali kanthu ndithu. Ine ndikuona dzira. Alamu akuona phazi. Amake Esinati akuona litsiro.

Tapangana pamaso pa anthu, pansi pa mango. Likapezeka phazi, nkhani ya anganga sindidzainenanso mpaka kumanda. Likapezeka dzira, alamu azikhala kutsogolo nthawi iliyonse ndikamasimba, n'kumavomera ngati mwana. Tagwirana chanza.

Mantha ndilibe. Ine dzira ndimalidziwa.

Lachiwiri

Ntchito ya lero: kufewetsa dzimbiri kuti dzira lituluke.

Malangizo omwe ndalandira ndisanasukusule n'komwe:
- palafini (tilibe, watsala wa m'koloboyi)
- mandimu
- girizi wa njinga
- chakumwa chakuda cha m'botolo chija. Ati chimadya msomali. Nanga ife timamweranji?
- mkodzo wa mbuzi. Awa ndi alamu. Ndawadziwa, akufuna mbuzi ilowe m'nkhani mwa njira iliyonse.

Ndasankha mandimu ndi chakumwacho. Theka m'mbale, theka m'mimba, kuti ndione ngati ndi chenicheni. Mfuti yagona m'mbale pakhonde. Nyerere zafika ndi abale awo a kwa Kaduya konse.

Mbiri yawanda. Anthu akubwera, akuwerama, akuona:
- akulu a mpingo akuona mtanda
- mayi wa zitumbuwa akuona chitumbuwa. Ndamuwerengera mbali ya dzira, n'zozungulira zonse.
- bambo wina wovala malaya a kampeni akuona chizindikiro cha chipani chawo, ati anganga anali membala. Anganga anamwalira matipate asanalotedwe!
- nkhalamba ina ya ng'ala m'maso onse sikuona kanthu, koma ndi yomwe ikutsutsa kwambiri.

Anthu akasonkhana chonchi ungawabweze opanda nkhani? Ndasimba. Abwera ena, ndasimbanso. Lero msilikali wamera ndevu. Sindinakonze, zangobwera zokha, ndipo zamukhala. Alamu ali chapatali, akusenda nzimbe. "Simbani, alamu, simbani. Masiku akutha."

Amake Esinati amva kuti mlendoyo ndi wa galimoto. Nkhondo yayamba: kuzira khonde, kusesa mpaka kumsewu, kuthamangitsa abakha, kuchapa makatani omwe sindimadziwa kuti tili nawo. "Mlendo asadzaone chakuda pakhomo panga." Ndavomera ndi mutu. Mawu abwino amenewo. Mkazi wanzeru.

Lachitatu

Ndakwera kabaza kupita ku Boma, kukafunsa a Gondwe nthawi yofikira abwana ndi zomwe amadya. Wakabaza sanamvepo nkhani ya anganga. Tsopano waimva. Pa chipewa tatsala pang'ono kulowa m'ngalande.

Pa ofesi a Gondwe ali pamsonkhano. Pabenchi pali anthu. Nawonso aimva.

Atuluka, tayi pakhosi, kutentha konseku. "Eya, madala, mwachita bwino kubwera. Abwana aimba foni. Ati musaitsuke. Musaikhudze n'komwe. Dzimbiri achotsa okha ndi kaburashi kofewa, pang'onopang'ono, chifukwa zidindo zakale zimakhala zosazama."

Ndaganiza za mandimu. Aa, mandimu ndi chipatso. Sangalakwe kwambiri. Komabe ndauza wakabaza apalase ngati tikuthamangira mzamba.

Ndafika dzuwa lili paliwombo. Pathandala pali:
- miphika, waliwali
- mbale
- ketulo
- masupuni
- ndi chinthu china chowala kuposa zonsezi.

Ndadziona nkhope. Pa mfuti ya anganga! Ngwee, ngati supuni ya ku mishoni!

Amake Esinati ati, "Munaisiya m'mbale ndi nyerere. Chili m'mbale chimatsukidwa." Apita nayo kumtsinje pamodzi ndi ziwiya. Mchenga, phulusa, chitsononkho. Amayi anzawo kulandirana, uyu akatopa uyo. "Panali timabala tina tokanika pafupi ndi kang'oma. Timeneto ndachita kunola pa mwala wa makasu."

Timabala.

Ndayang'ana padzuwa. Ndayang'ana pamthunzi. Ndayang'ana ndi diso limodzi. Ndapapasa ndi chala, ndalawa ndi lilime. Posalala ngati chipumi cha khanda. Dzira palibe, phazi palibe, mtanda wa akulu a mpingo palibe.

Kukalipa? Pakhomo pa eni? Kukalipira mkono womwe wangonola chitsulo? Ndati, "Mwagwira ntchito, amake Esinati." Ati, "Ndikudziwa."

Ndaikulunga msanga m'chikopa. Alamu adutsa. "Bwanji dzira lanu, laswa?" Ndati mfuti ikupuma.



Lachinayi

Tsiku la msika, ndipo nzeru yabwera ndikusukusula. Si chinyengo ayi. Dzira linalipo, ndinaliona Lolemba ndi maso angawa. Ndikungolibwezera pamalo pake. Ng'ombe yako ikagwetsa mpanda wa mnzako, sukaimika?

Mfuti pansi pa thumba, nandolo pamwamba. Panjira ndakumana ndi wapolisi. Wandipatsa moni. Ndamuyankha, ndamufunsa za ana, za kumudzi kwawo, za nyengo, mpaka wandiyang'ana modabwa. Thukuta!

A Mulipa ndi wokhoma ndowa kuseri kwa ogulitsa matemba. Amadindanso mayina pa njinga kuti akuba asasangalale. Ndawakokera pambali. Ndinaiwala kuti pamsika, pambali ndi pamene anthu amadzadza msanga.

Ntchito yayenda motere:
- Dzira. Akhoma ndi kampope kopindika. Latuluka lalitali ngati mbatata. Wina ati ndi la bakha. Zili bwino, bakha naye amaikira.
- Nyenyezi. Msomali. Yatuluka ngati nsikidzi yopondedwa.
- Zilembo. Apa ndiye pavuta. Ine zilembo ndinazidziwira ku sukulu ya kwacha imvi zitamera kale, ndipo zomwe ananena a Gondwe zathawa m'mutu. A Mulipa nawo tizitsulo tawo ta zilembo tina tinapita ndi madzi a Napolo. Taika P ya Pwitikizi, ndi ina yomwe aliyense wavomereza kuti ikuoneka yachizungu.
- Wina ati tiwonjezere tambala, mfuti ioneke yaukali. Msika wonse: ayi! Masiku ano mbalame zili ndi zipani.

Ndiye wina kumbuyo wafunsa kuti kodi msilikaliyo ankasambiranji ndi chipewa. Funso lotere ungalisiye? Ndatembenuka. Ndayambira ku bango. Ndili pakati, kumbuyo kwanga ndangomva khoo!

Pa chigwiriro pali kansomba.

A Mulipa ati, "Ndowa, ketulo, mbaula, chilichonse chochoka m'manja mwanga chimatuluka ndi nsomba. Ndisiye lero chifukwa chiyani? Ntchito yopanda chidindo ndi ya wakuba."

Andifotokozera osafunsidwa. Nsomba yoyang'ana kumanzere ndi yakale, Napolo asanadutse. Yoyang'ana kumanja ndi ya kachitsulo katsopano. Yopanda mchira ndi ya mng'ono wawo, musagule, imadontha. Amayi omwe anali pamenepo ayamba kukangana, ena ati za kumanzere zimakhalitsa, ena ati bodza. Kodi! Zija za Azungu zosiyirana moni tili nazo pamsika pomwe pano, pa ndowa.

Kunena chilungamo, kansombako n'kokongola. Kuposa dzira.

Nandolo ndamusiya konko. Kunyumba ndati msika unali woipa.

Lachisanu

Vuto latsopano. Mfuti ikuwala, zidindo zikuwala. Ngakhale nkhalamba ya ng'ala ija ingadziwe kuti n'zadzulo. Ikufunika ikalambe pofika mawa. Ine kukalamba kwanditengera moyo wonse.

Njira:
- utsi wa kukhitchini. Amake Esinati ati ndikaidetsa ndikagona nayo kukhola.
- madzi a mchere. Ndapaka.
- kukwirira pachinyontho. Kudimba, pansi pa nthochi.

Ndapita khasu paphewa ngati wokapalira. Ndakumba, ndaika, ndafotsera, ndaponda. Palibe wandiona. Kupatula alamu, omwe anali tsidya la ngalande kuthirira mpiru. Koma maso awo ndi ofooka. Munthu woona phazi pamene pali dzira!

Zotsala ndazimaliza:
- kumeta
- kubwereka mpando wa ndalema kwa aphunzitsi, wa abwana
- jekete, ndalikutumula, mwatuluka mphemvu ndi banja lake
- kampando kafupi ka ana, ka alamu. Ndakayesa ndekha. Mawondo akufika m'makutu. Kali bwino kwambiri.

Ndazungulira mudzi kuitana anthu, ngakhale onse akudziwa kale. Ena ati abwera ndi mikeka yawo. Mayi wa zitumbuwa ati akazinga zapadera.

Pobwerera ndakumana ndi alamu akuchokera chakudimba, akuimba mluzu, tchizulo m'thumba la malaya, matope m'mawondo. Ati akukonza mpini. Andipatsa moni waulemu womwe sindinaumvepo chikwatirireni. "Mawa, alamu, chilungamo chioneka." Ndati indedi.

Munthu akayandikira kugonja amafewa. Ndawamvera chisoni. Mwina pa kampando paja ndiwaikira kansalu.

Loweruka

Ndafukula m'mawa. Yatuluka ndi matope thupi lonse. Sindinawachotse, akuwonjezera zaka. M'chikopa, mangi!

Anthu! Pansi pa mango, pamwamba pa mango, pachulu. Galimoto yafika ndi fumbi lake. Atsika a Gondwe, kenako Abwana Magalasi: nkhalamba inzanga, yayitali, yowerama, magalasi ena pamphuno, galasi lina lozungulira m'manja. Chichewa chawo ndi cha ku esiteti, koma moni amaudziwa. Ayamba ndi amake Esinati, kusonyeza kuti wina anawauza mwini pakhomo. Adya kalongonda osafunsa kuti n'chiyani. Ndawakonda.

Ndapereka ndi manja awiri. Atsegula. Atulutsa kaburashi.

Matope agwa, chitsulo chawala. Burashi yaima.

"Ndani waitsuka?"

"Ine, bwana, Lachitatu, timabala take ndinanola pa mwala wa makasu," ati amake Esinati, atagwada, nkhope ili mwee. Abwana atseka maso kanthawi ngati akupemphera. Ati, "Mwatsukadi, mayi."

Burashi yapitirira. Dzira! Dzira latuluka, ndi nsikidzi yake m'kati! Anthu: eee! Ndaimirira. Ndaloza alamu, ndaloza kampando.

Burashi sinaime. Pambali penipeni pa dzira: phazi la nkhuku. Lakuya, latsopano, lonyezimira, losema ndi tchizulo. Nkhuku yake ikanakhalapo ikanadya mbuzi. Anthu: eee! Alamu aimirira.

Ndayang'ana alamu. Alamu ayang'ana phiri la Michesi ngati aliona koyamba.

Abwana atembenuza mfuti. Afika pa chigwiriro. Ayandikiza galasi. Mapewa ayamba kugwedezeka.

"Dzira ili sindinalionepo. Phazi ili sindinalionepo. Koma nsomba iyi ndikuidziwa. Ili pa ndowa yanga ya kubafa."

Kuseka kwake! Avula magalasi, apukuta misozi, avalanso, ayang'ananso, ayambiranso. Kenaka afunsa mozama ndithu: "Koma yanga ikuyang'ana kumanzere. Iyi bwanji kumanja?" Mudzi wonse wayankha pakamodzi. Napolo, kachitsulo katsopano, mng'ono wake wopanda mchira. Maso a abwana ayera ngati a mwana. Afunsa komwe angapeze yopanda mchirayo. Amayi awachenjeza kuti imadontha. Ati alibe nazo kanthu. Matenda awo ndi amenewo, basi.

Ine mtima uli pena. Ndawayandikira, ndafunsa chapansipansi: nanga kwawo kwa mfutiyi?

Asiya kuseka. "Achimwene, Lolemba ndikanakuuzani. Mtundu uwu unkapangidwa m'mayiko angapo, wina kutengera mnzake. Chosiyanitsa chinali timabala tija. Lero wodziwa ndi mwala wa makasu."

Sagula. Sindimagulitsa n'kale. Ajambula chithunzi, ine pakati, mfuti pachifuwa, alamu adzilowetsa m'mbali. Galimoto yapita chakumsika.

Kwatsala mlandu. A mbali ya alamu ati phazi lapezeka. A mbali yanga ati dzira lapezeka. Za tchizulo palibe wofunsa, chifukwa theka la anthuwa linali pamsika Lachinayi. Phokoso mpaka abakha athawa. Amake Esinati akutolera makapu, osatukula n'komwe mutu: "Zonse zapezeka. Inu nkhani ija musiye. Inu achimwene mukhale kutsogolo."

Wina wafunsa kuti akhala kutsogolo kwa chiyani, ngati nkhani palibe.

"Zimenezo n'za amuna."

Lamulungu

Mfuti yabwerera kudenga. Mavu adzafunika kuyambiranso.

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni ndi mano onse. Wina wafunsa ngati ndimadindanso mabeseni. Akulu a mpingo ati mtanda uja unalipo ndithu, koma sitinali oyenera.

Pochoka ndadzera pa mwala wa makasu. Ndakhala pansi. Pali kamzere kofiirira, ka dzimbiri. Ndi pomwepo. Anganga anaisunga m'bango, bambo anaisunga m'nkhokwe, ine ndaisunga m'mwaye moyo wonse, chilichonse chili chikhalire. Yapita m'mawa umodzi waukhondo. Pepani, anganga. Ndayang'anitsitsa kamzereko. Kandionekera kozungulira. Sindiuza munthu.

Masana anthu asonkhana pansi pa mango mwachizolowezi. Alamu abwera okha, kampando m'manja. Akhala kutsogolo, mawondo m'makutu. Mawu ndi mawu, zimenezo ndiwayamikire. Ine ndakhala chete. Iwo chete. Mudzi chete. Mphepo. Bakha.

Sindinadziwe kuti kukhala chete kumapweteka m'nsagwada.

Ndiye mlendo wina, wobwera kudzaona odwala kuno, wafunsa kuti kodi nkhani ya nsomba yomwe ikumveka pamsika ndi yotani. Ndaganiza. Nkhani ya nsomba sili m'pangano. Ndi yatsopano, ya sabata ino. Ndayamba: Lolemba, kudenga, mwaye.

"Mfuti yake iti?" ati mlendo.

Nanga munthu angamve bwanji za nsomba asakudziwa mfuti? Si kusimba kumeneko, ndi kulongosolera mlendo. Doko. Bango. Msilikali ndi ndevu zake.

Alamu atsegula pakamwa. Ndawakumbutsa mwaulemu kuti kutsogolo kwa nkhaniyi kuli gawo la tchizulo, ndipo ndikhoza kulifupikitsa kapena kulitalikitsa, n'kuikamo nyimbo. Atseka. Ndapuma pomwe amavomera ana. Ndadikira.

"Tili tonse," ati alamu, ngati akumeza kwinini.

Dzira lenileni lapita. Abwana apita ndi ndowa yodontha. Nandolo anapita. Mpando wa aphunzitsi wathyoka mwendo, ndikaona mawa.

Koma pa chipewa, alamu aseka. Ndawaona ndi maso angawa, omwe aja anaona dzira.

Ati n'chifuwa. Chabwino. Chikhale chifuwa.